Chiponde chitsale kunyumba: za kamba wa ana kusukulu za ku England

Mayi wina wa kwathu anandiimitsa pa geti la sukulu ina ya pulayimale yomwe ndimayenderako pa ntchito yanga ya unamwino kuno ku England. M'manja anagwira kakalata koletsa mtedza kusukulu komwe anakapeza m'kontena ya kamba wa mwana wake, ndipo buledi yemwe anapaka chiponde m'mawa anali atabwerera osalumidwa. "Achemwali, kodi mtedza wasanduka liti poizoni? Ife si takulira womwewu?"

Ndinamumvetsa. Kwathu mtedza ndi wopulumutsa. Mwana akafooka timamuphikira phala la nsinjiro, ndipo wonyentchera kuchipatala amamupatsa chiponde. Ndiye kumva kuti chakudya chomwechi chaletsedwa kumaoneka ngati akunyoza mphika wathu.

Poyamba tidziwe mwini lamuloli. Malamulo a boma a zakudya za kusukulu, amene anayamba kugwira ntchito mu Januwale 2015, amakhudza chakudya chimene sukulu ikupereka yokha. Za kamba wochokera kunyumba amagamula ndi mphunzitsi wamkulu pamodzi ndi komiti yoyang'anira sukuluyo. N'chifukwa chake mwana wa mnzanu amaloledwa kabisiketi ka chokoleti Lachisanu pomwe wanu amabwezedwa nako. Pemphani pepala la malamulowo ku ofesi, muliwerenge.

Koma pa mtedza sukulu zambiri zimayankhula chimodzi. Kuno pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 50 alionse thupi lake limadana ndi mtedza. Tikati ziwengo, ambiri timaganiza za tizilonda toyabwa tomwe timatha tokha. Izi n'zina. Chitetezo cha m'thupi la mwana wotere chimaona mtedza ngati mdani, n'kudzuka ndi mphamvu zonse nthawi imodzi. Milomo ndi lilime zimatupa, kukhosi kumatsekeka, mawu amasasa, magazi amasiya kuthamanga bwino, mwana n'kukomoka. Madokotala amati anaphylaxis, ndipo imatha kuchitika m'mphindi zochepa chabe. Mankhwala ake ndi jakisoni wa adrenaline wobaya pantchafu, kenako kuimba 999, nambala yoitanira ambulansi. Kuyambira mu Okutobala 2017 sukulu zimaloledwa kugula ndi kusunga majakisoni apadera oterewa.

Mwina mukuti, wanga adye chake, winayo adye chake. Munakhalapo m'holo yodyera ana a zaka zisanu? Amalawitsana, amasinthana sangweji ndi nthochi, amanyambita zala n'kugwira botolo la madzi la mnzawo. Kachiponde kotsalira pachala, kongokwana nsonga ya mpeni, n'kokwanira kugwetsa mwana wina. Aphunzitsi awiri kapena atatu sangaone dzanja lililonse. Ndipo si mtedza wokha. Mu 2017 mnyamata wa zaka 13 anamwalira ku London mnzake atamuponyera kachidutswa ka tchizi kusukulu. Thupi lake linkadana ndi mkaka.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mtedza wobisala, pakuti ife timaphika nawo osaganizako n'komwe. Nkhwani wotendera wotsala dzulo, futali, mpunga womwe mwathirako msuzi wa nsinjiro: mphunzitsi wachingelezi akayang'ana sangadziwe kuti muli mtedza. Amene akudziwa ndinu nokha. Zogula nazo zimapusitsa. Nutella, chokoleti chopaka pa buledi, ali ndi mtedza wa mtundu wa hazelnut, ndipo timaphukusi tambiri ta oats tooneka ngati tabwino kwa ana timakhala ndi mtedza. Lamulo limakakamiza opanga zakudya kuonetsa bwino, kawirikawiri m'zilembo zakuda kwambiri, mitundu 14 ya zakudya zoyambitsa ziwengo, kuphatikizapo mazira, mkaka, soya ndi chitowe. Tembenuzani paketi musanaiike m'dengu.

Malamulo enawo ndi opepukirapo. Maswiti ndi zakumwa ngati Fanta amaletsa chifukwa cha mano ndi kunenepa, ndipo ine ndimagwirizana nazo, ngakhale sindikondwa ndikaona mwana akumuchititsa manyazi pamaso pa anzake chifukwa cha chitumbuwa chimodzi. Nkhani yotere ndi ya akuluakulu, ipite kwa kholo. Mphesa ndiye musanyozere: kwa ana aang'ono zidulidwe mulitali, makamaka panayi, chifukwa yathunthu imakwana ndendende pammero n'kumutsamwitsa. Kumbukiraninso kuti sukulu zambiri zilibe firiji ya kamba kapena potenthetsera, choncho mpunga ndi nkhuku zipite m'fulasiki zili zotentha kwambiri. Ngati zonsezi zikukulemetsani, ana a makalasi atatu oyambirira (Reception, Year 1 ndi Year 2) m'sukulu za boma amadya ulere kuyambira 2014, ndipo ku London kuyambira 2023 ndi ana onse a pulayimale.

Mayi uja anafunsanso ngati asiyiretu kugula mtedza. Ayi ndithu. Kafukufuku wotchedwa LEAP, wa akatswiri a ku King's College London, anaonetsa mu 2015 kuti makanda oyamba msanga kudya mtedza amapewa kwambiri ziwengozi kusiyana ndi amene akuwamana. Agogo athu sankalakwitsa ndi phala lawo. Mwana akafika miyezi isanu ndi umodzi mukhoza kumuyambitsa nsinjiro kapena chiponde chosalala, koma mtedza wathunthu adikire mpaka zaka zisanu kuopa kutsamwa. Ngati khanda lili ndi vuto lalikulu la pakhungu kapena linatupapo litadya dzira, yambani mwaonana ndi dokotala.

Ndinamupempha chinthu chimodzi chokha: tsiku lomwe mwana wadya phala la nsinjiro m'mawa, asambe m'manja ndi sopo ndi kupukuta pakamwa asanavale yunifolomu. Mankhwala opaka m'manja aja amapha majeremusi, koma sachotsa mtedza.