Scapa Flow: sitima zina anagulitsa sikirapu, ina inasanduka manda

Kumpoto kwenikweni kwa Scotland kuli zilumba za Orkney, ndipo pakati pake pali kanyanja kotchingika ndi zilumbazo kotchedwa Scapa Flow. Pa nkhondo zonse ziwiri zikuluzikulu zija Angerezi amakocheza sitima zawo zankhondo pamenepa. Asilikali anachokapo kalekale m'ma 1950, koma pansi pa madzi pagona zitsulo zankhaninkhani, ndipo chimandigwira mtima ine ndi chakuti zitsulozi sanazione chimodzimodzi. Zina anazivuula nkukazidula, ina mpaka lero kuikhudza ndi mlandu.

Nkhondo yoyamba itaima mu Novembala 1918, Majeremani anauzidwa kuti sitima zawo zikadikire ku Scapa Flow pomwe akuluakulu amakangana za pangano ku Paris. Zinabwera sitima 74, mfuti zitachotsedwa mphamvu, ndipo anyamata otsalamo anakhala miyezi isanu ndi iwiri osaloledwa kutsika kumtunda, chakudya chochokera kwawo chosakoma, nkhani amazimva mochedwa kudzera m'nyuzi zakale zachingerezi. Mkulu wawo Ludwig von Reuter anatsimikiza mumtima kuti sitimazi sizigwera m'manja mwa adani zivute zitani. Pa 21 Juni 1919 m'mawa, sitima zambiri za Angerezi zolondera zitatuluka kukachita maphunziro kunyanja yaikulu, iye anakweza mbendera za chizindikiro, basi anyamata ake kutsegula mavavu onse olowetsa madzi, zitseko zam'kati anali atazisiya kale zosatseka kuti madzi ayende bwino. Pofika 5 koloko madzulo sitima 52 zinali zitamira, yomaliza inali Hindenburg. Tsiku lomwelo ana asukulu a ku Stromness, tauni ya ku Orkney komweko, anali pa boti lotchedwa Flying Kestrel, anawatenga kuti akaone sitima za Majeremani, ndiye tangoganizani mwana akuona chisitima chachikulu kuposa mudzi wake chikupendekeka nkugadabuka iye akuyang'ana. Angerezi otsala anasokonezeka nkuyamba kuwombera anthu omwe amathawa m'maboti, Majeremani 9 anafa, ndipo manda awo ali ku Lyness pa chilumba cha Hoy, malo amodzi ndi asilikali a Britain.

Poti m'sitimazo munalibe mitembo, zinangosanduka chuma. Munthu wina wa bizinesi ya zitsulo, Ernest Cox, anayamba kuzigula mu 1924 ngakhale anali asanavuulepo sitima ndi imodzi yomwe. Njira yake pa sitima zikuluzikulu inali yoti anthu olowa pansi pa madzi amamata mabowo onse kenaka nkupopera mpweya m'kati mpaka chisitimacho chiyandame, zambiri zimatuluka chagada choncho nkuzikoka mpaka ku doko la Rosyth ku Scotland komweko kukazidula. Hindenburg inamuvuta zedi, anadzaivuula mu 1930. Zatsala zisanu ndi ziwiri, zazikulu zitatu König, Markgraf ndi Kronprinz Wilhelm, ndi zocheperapo zinayi, ndipo izi ndi zomwe zimakopa alendo osambira pansi pa madzi chaka ndi chaka. Mu 2019 zinayi mwa izo mwini wake anaziika pa eBay, msika wa pa intaneti, kuti agule amene akufuna, ngakhale lamulo silikulolanso kuzivuula.

Nkhani ya HMS Royal Oak, sitima yankhondo ya Angerezi yomwe inakocheza ku Scapa Flow komweko, ndiye ndi ina. Usiku wa pa 14 Okutobala 1939, nkhondo yachiwiri itangotha masabata asanu ndi limodzi chiyambire, sitima ya Majeremani yoyenda pansi pa madzi ya U-47 yomwe amatsogolera Günther Prien inazembera kudzera pa mpata wa Kirk Sound, pomwe Angerezi anamizapo zisitima zakale kuti zitchinge njira koma sizinatchinge bwino. Bomba loyamba litagunda, ambiri m'sitimamo anaganiza kuti chaphulika ndi china chake m'sitolo yakutsogolo ndipo ena anabwerera kukagona, palibe amene amalota kuti mdani angalowe mpaka m'bwalo mwawo. Prien anabwereza, ndipo mkati mwa mphindi 13 sitimayo inagadabuka nkumira. Anafa anthu oposa 830, ndipo pomwe pamandiwawa kwambiri ndi pakuti oposa 100 mwa iwo anali anyamata osafika zaka 18, ana oti kwathu kuno akanakhala ali ku sekondale.

Ambiri mwa anthuwa adakali momwemo, pa kuya kwa mamita ngati 30. Boma la Britain linalamula kuti awa ndi manda, munthu wamba saloledwa kutsikirako, ndipo ife amene tikudziwa kuti kumanda sikulowedwa popanda chilolezo cha amfumu izi sitingadabwe nazo. Otsikako kawirikawiri ndi asilikali apamadzi, chaka chilichonse mu Okutobala amakamangirira mbendera yatsopano pa sitimayo pomwe achibale akuponya maluwa pamwamba. Belu lake lili mu tchalitchi cha St Magnus ku Kirkwall pamodzi ndi buku la maina a onse amene anafa. Vuto linali mafuta, sitimayo inamira ndi mafuta ambiri omwe amadontha pang'onopang'ono kwa zaka, ndiye pamafunika kuwapopa mosamala pobowola kunja kokha osasokoneza amene agona m'katimo.

Royal Oak itamira Winston Churchill, yemwe panthawiyo anali nduna yoyang'anira asilikali apamadzi a Britain, analamula kuti mipata yakum'mawa itsekedwe kotheratu ndi miyala komanso konkire, ndipo makoma anayi amenewo lero ndi misewu yolumikiza zilumba, amangoti Churchill Barriers. Ntchito yambiri anagwira ndi akaidi ankhondo a ku Italy omwe anagwidwa kumpoto kwa Africa. Akaidi a pa kachilumba ka Lamb Holm anapempha malo opempherera, anapatsidwa tinyumba tiwiri tamalata tozungulira, iwo nkutilumikiza, ndipo wojambula wawo Domenico Chiocchetti anapenta m'kati monse mooneka ngati njerwa ndi miyala yosema, nyali anapanga ndi zitini za nyama. Anzake atasamutsidwa mu 1944 iye anatsalira kuti amalize mbiya yobatizira, ndipo mu 1960 anabweranso kudzakonza penti yomwe inayamba kusuluka. Anthu a ku Orkney akuchisamalabe tchalitchicho, ndipo misa imachitikamo nthawi zina m'chilimwe.