"Meltdown" si kugwa wamba

Amene amamvera BBC kapena kuwerenga nkhani pa intaneti anakumanapo ndi liwu loti "meltdown". Limamveka pa nkhani za chuma, za mpira, ngakhalenso za wandale amene wapsa mtima pamaso pa atolankhani. Pa ntchito yanga yophunzitsa Chingerezi ndimaona ophunzira ambiri akulitenga ngati mnzake wa "collapse", kungoti kugwa basi. Mawu awiriwa ndi osiyana, ndipo kusiyanako kumaoneka tikapita kumene liwuli linatchukira.

"Melt" ndi kusungunuka. Mneni woti "melt down", wolembedwa motalikitsa, ndi zomwe amachita opanga mapoto akamasungunula zitsulo zakale. Koma dzina loti "meltdown", lolembedwa pamodzi, linafala kuchokera kwa akatswiri a magetsi a nyukiliya. M'kati mwa makina awo mumakhala timibulu ta uranium, mwala womwe umapezekanso ku Kayelekera m'boma la Karonga, toikidwa m'timapaipi tachitsulo. Timibuluti timatentha koopsa, choncho madzi amapopedwa usana ndi usiku kuti azichotsa kutenthako. Vuto lili apa: makinawo ngakhale azimitsidwe, timibuluti sitizizira pompo. Madzi akangosiya kuyenda, kutentha kumaunjikana mpaka mtima wa makinawo kusungunuka.

Ndi zomwe zinachitika ku Fukushima, m'dziko la Japan, pa 11 Malichi 2011. Chivomezi chitagwedeza dziko, makina anazima okha monga anakonzedwera. Kenako madzi a m'nyanja anasefukira n'kumiza majenereta a dizilo oyendetsa mapampu, ndipo m'masiku ochepa makina atatu anasungunuka m'kati. Ku Three Mile Island, ku America, zofananazo zinachitika mu 1979, pomwe pafupifupi theka la mtima wa makina amodzi linasungunuka.

Tsono "meltdown" ndi kuwonongeka kochokera m'kati, kobwera chifukwa chomwe chimaziziritsa chasiya kugwira ntchito, ndipo kukayamba n'kovuta kukuimitsa. Mlatho wokokoloka ndi namondwe Freddy mu 2023, kapena khoma logwa ndi mvula, ndi "collapse". Minibasi yofera panjira ndi "breakdown".

Atolankhani a zachuma analibwereka moyenera mu 2008. Mabanki a ku America anakongoza ndalama zogulira nyumba kwa anthu amene sakanatha kubweza, ngongolezo n'kumagulitsana. Banki ya Lehman Brothers itagwa pa 15 Sepitembala chaka chimenecho, mabanki anayamba kuopana, nasiya kukongozana, ndipo vutolo linafalikira mayiko ambiri. Imeneyo ndiye "financial meltdown". Golosale imodzi ikatsekedwa, liwuli n'lalikulu kwambiri kwa iyo. Polemba timati "go into meltdown" tikamanena za msika kapena timu, ndipo "have a meltdown" tikamanena za munthu.

Pa munthu m'pomwe ndikufuna tichedwepo. M'macheza a tsiku ndi tsiku, olankhula Chingerezi amati wina "had a meltdown" akalephera kudzigwira, n'kuyamba kulira kapena kukalipa pagulu. Koma madokotala, aphunzitsi ndi makolo a ana amene ali ndi autism (kusiyana kwa kakulidwe ka ubongo komwe kumakhudza momwe munthu amalankhulira, amachezera ndi ena komanso amamvera zinthu monga phokoso) amaligwiritsa ntchito mosamala kwambiri, ndipo amalisiyanitsa ndi "tantrum". Mwana wa "tantrum" ali ndi chomwe akufuna. Mwam'kaniza switi, wadzigwetsa pansi, koma diso lili pa inu kuona ngati mugonje. Mukam'patsa, kulira kumatha. Mwana wa "meltdown" sakufuna kanthu kwa inu. Ubongo wake walandira zambiri kuposa zomwe ungathe kusenza: phokoso la mumsika, nyimbo za masipika a kutchalitchi, kuwala, fungo, chovala chokanda, kapena kusintha kwadzidzidzi kwa zomwe anazolowera. Amatha kukuwa, kutseka makutu, kudzimenya kapena kuthawa, ndipo amatero kaya pali womuona kaya palibe. Switi sathandiza. Akuluakulu amene ali ndi autism nawonso zimawachitikira.

Zimandipweteka ndikamva anthu akunena mwana wotere kuti ndi wamwano, wolekereredwa, kapena kuti am'lodza. Mayi ake amanyozedwa m'basi kuti sadziwa kulera, ena n'kumalangiza kuti am'kwapule. Chikwapu chimangowonjezera pa katundu amene wam'lemera kale. Apa chiyambi cha liwu lija chimatithandiza kuganiza bwino: chofunika ndi kuchotsa chomwe chikutenthetsa. M'tulutseni pamalo aphokoso, chepetsani kuwala, musam'panikize ndi mafunso, chotsani zinthu zomwe angadzipweteke nazo, ndipo uzani anthu asam'zungulire. Ana ena amafuna kukumbatiridwa mwamphamvu, ena safuna kukhudzidwa n'komwe. Amadziwa ndi amene amakhala naye. Zikatha, mwanayo amakhala wotopa zedi, mwinanso wamanyazi. Imeneyo si nthawi yom'dzudzula.

Nthawi zambiri pamakhala zizindikiro zisanafike poipa: kuyendayenda, kudzigwedeza, kubwereza funso lomwelo, kapena kungoti zii mosazolowereka. Kholo kapena mphunzitsi amene amalemba m'kope zomwe zinachitika mwana asanayambe kukuwa, malo ake ndi nthawi yake, sachedwa kuona chomwe chimabwerezabwereza. Kope limenelo mupite nalo pokaonana ndi dokotala kapena mphunzitsi wa ana ofuna chisamaliro chapadera, chifukwa mafunso awo oyamba adzakhala pa zomwezo.