Kuchoka ku Karonga kukafika ku Chileka: n'chifukwa chiyani nthawi ya pa mapu siikwana?

Pa ntchito yanga yokonza maulendo a ndege zazing'ono, funso limene limabwera kawirikawiri ndi lakuti, "Bambo, ndi maola angati?" Wofunsayo amakhala atayang'ana kale pa foni, waona mtunda, wawerengera yekha. Ndikamuuza nthawi yanga amaona ngati ndawonjezera dala.

Titenge bwalo la ndege la Karonga ndi la Chileka ku Blantyre. Mukakoka chingwe chowongoka pakati pa mabwalo awiriwa, mtunda wake ndi pafupifupi makilomita 650, ndipo mbali yaikulu ya chingwecho imadutsa pamwamba pa nyanja ndi m'mphepete mwake, cha ku Nkhata Bay, Nkhotakota ndi Salima. Pa msewu wa M1 ndi nkhani ina: mukwera Chiweta, mudutsa Mzuzu, Kasungu, Lilongwe, Ntcheu ndi Zalewa mpaka Blantyre, makilomita pafupifupi 900, ulendo wa tsiku lathunthu.

Ndege yaing'ono ngati Cessna Caravan imauluka pafupifupi makilomita 300 pa ola. Ndiye kuti maola awiri ndi mphindi 10. Koma liwiro limeneli ndi la ndege pakati pa mpweya, ndipo mpweyawo nawo ukuyenda, monga momwe bwato limachedwera likamalimbana ndi madzi a mumtsinje. Tinene kuti mphepo ikuchokera kummwera pa makilomita 40 pa ola. Popita ku Blantyre ndege ikuyenda 260 yokha, ulendo wasanduka maola awiri ndi theka. Pobwerera mphepo ikukankha kumbuyo, liwiro lafika 340, ola limodzi ndi mphindi 55. Taonani bwino apa: popita mwataya mphindi 20, pobwera mwapulumutsa 15 zokha. Mphepo siibweza zonse zimene yatenga, chifukwa ndege imakhala nthawi yaitali ikulimbana nayo kusiyana ndi nthawi imene ikuthandizidwa.

Pamenepa sitinawerengere kukwera m'mwamba, komwe ndege imayenda pang'onopang'ono, kapena kudikira chilolezo chotera.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi nyengo. M'dzinja, masana, mitambo ya mvula yamabingu imatutumuka ngati chulu, ndipo woyendetsa ndege wanzeru salowamo, amailambalala ngakhale zitatengera makilomita ambiri. M'nyengo yozizira chiperoni chimatha kuphimba Blantyre mpaka msewu wa ndege osaoneka. N'chifukwa chake mafuta timathira oposa a ulendowo: okwanira kukafika ku bwalo lina, monga la Kamuzu ku Lilongwe, ndi ena apadera. Mafutawo ndi katundu wolemera, choncho nthawi zina timapempha apaulendo kuti asiye chikwama chimodzi. Ndaonapo mayi wina atagwira thumba la mpunga wa Kilombero, nkhope ili gwa, akundifunsa ngati makilogalamu 20 angalepheretsedi ndege. Kukatentha mpweya umapepuka, ndege imafuna msewu wautali kuti inyamuke, ndipo makilogalamu amenewo amawerengeka.

Palinso dzuwa. Mabwalo ambiri ang'onoang'ono alibe magetsi a usiku, ndiye mukachedwa kunyamuka ndi ola limodzi madzulo, ulendo ukhoza kugona mpaka mawa. Ndikakuuzani kuti tinyamuke mamawa, ndimakhala ndikuganiza za zimenezi, ndipo ngati muli ndi msonkhano ku Blantyre nthawi ya 2 koloko masana, ndidzakupemphani kuti 6 koloko m'mawa ikupezeni muli pabwalo.