Chishalo cha njinga: kachiikidwe koteteza mawondo, msana ndi manja

Ambiri mwa anthu opalasa njinga tsiku ndi tsiku, monga a kabaza, ogulitsa makala, ana asukulu ndi alangizi a zaumoyo oyenda m'midzi, amatsitsa chishalo kuti akaima mapazi onse awiri aziponda pansi iwo ali chikhalire. Munthu amamva ngati ndi wotetezeka, koma mawondo ndi amene amavutika. Chishalo chikatsika, bondo limapindika kwambiri pa nthawi imene mwendo ukukankha pedalo ndi mphamvu, ndipo kafupa ka patsogolo pa bondo kamakhuzana ndi fupa la ntchafu. Wopalasa amene amazunguza mapedalo ka 60 pa mphindi amapinda bondo lililonse ka 3,600 pa ola limodzi. Tsono ganizirani wakabaza wonyamula anthu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kapena wokweza matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50 pa kaliyala.

Kutalika kwa chishalo

Tsamiritsani njinga kukhoma kapena wina akugwirireni. Khalani pa chishalo mutavala nsapato zimene mumapalasira. Tsitsani pedalo limodzi mpaka pansi penipeni, n'kuliponda ndi chidendene. Mwendo uwongoke bwinobwino, koma chiuno chisapendekere mbali imeneyo. Ngati bondo lidakali lopindika, kwezani chishalo. Ngati chidendene sichikufika, tsitsani.

Popalasa simuponda ndi chidendene kapena pakati pa phazi, koma ndi mnofu wa kuseri kwa zala. Mukatero bondo limakhala lopindika pang'ono, madigiri pakati pa 25 ndi 35, pedalo likafika pansi. Mukaima mudzangogunda pansi ndi zala zokha, ndipo umo ndi mmene ziyenera kukhalira. Pofuna kuima, gwirani mabuleki, sunthirani kutsogolo, tsikani pa chishalo n'kuponda pansi.

Amene ali ndi tepi yoyezera angathe kuwerengetsa. Imani opanda nsapato mutatsamira khoma, ikani buku pakati pa miyendo n'kulikweza mpaka litagunda thupi, ndipo yezani kuchokera pansi kufika pamwamba pa bukulo. Chulukitsani nambalayo ndi 0.883. Wopeza masentimita 80 aike masentimita pafupifupi 70.6 kuchokera pakati pa chitsulo chimene mapedalo amazungulirapo kufika pamwamba pa chishalo. Nambalayi ndi poyambira chabe, zotsalazo thupi lidzakuuzani.

Ululu wa patsogolo pa bondo nthawi zambiri umasonyeza kuti chishalo chatsika. Ululu wa kuseri kwa bondo, kapena chiuno chogwedera uku ndi uku popalasa, ndiye kuti chakwera mopitirira. Musasinthe kwambiri tsiku limodzi. Kwezani kapena tsitsani mamilimita 5 okha, palasani masiku awiri kapena atatu, kenako muonenso. Minofu imene yazolowera chishalo chotsika kwa zaka zambiri imafuna nthawi.

Pa paipi yonyamula chishalo pamakhala mzere wosonyeza polekezera. Mzerewo usaonekere kunja kwa felemu. Ngati unafufutika, siyani masentimita osachepera 8 mkati, apo ayi paipi ikhoza kupindika kapena kung'amba felemu muli pa liwiro. Ngati ndi yaifupi, gulani yaitali. Ipakeni girisi pang'ono kuti isagwirane ndi dzimbiri. Njinga zambiri zonyamulira katundu zimafuna sipanala ya 13 kapena 14, pamene zamagiya zimafuna Allen key (kachitsulo kopindika komasulira mabawuti a bowo pamutu) ya 4, 5 kapena 6.

Kupendekeka kwa chishalo

Apa ndi pamene anthu amavutikira chamumtima chifukwa cha manyazi. Chishalo chikhale chopingasa, mphuno yake isaloze kumwamba kapena pansi. Ikani kathabwa kowongoka pamwamba pake muone. Thupi liyenera kulemera pa mafupa awiri a m'matako, omwe amakhala pa mbali yotambalala ya chishalo. Mphuno ikakwera, imakanikiza mitsempha yodutsa pakati pa maliseche ndi kotulukira chimbudzi. Zotsatira zake ndi dzanzi kumaliseche, kuwotcha pokodza, zotupa kwa amayi, ndipo kwa abambo ena opalasa maola ambiri mphamvu za m'banja zimachepa. Dzanzi limeneli si chinthu chozolowera ayi. Likayamba, imirirani pa mapedalo kapena tsikani, ndipo mukonze chishalo tsiku lomwelo.

Mphuno ikaloza pansi, munthu amatsetserekera kutsogolo ndipo manja ndi amene amasenza thupi. Apo m'pamene chala chaching'ono ndi chinzake choyandikana nacho zimachita dzanzi, mapewa n'kumawawa.

Kumanga nsanza zambiri kapena siponji yokhuthala pa chishalo sikuthandiza. Mafupa amamira m'zofewazo ndipo pakati pamafufuma n'kumakanikiza malo omwe aja. Chishalo chimene chinathyoka sipuling'i imodzi chimapendeketsa chiuno n'kupweteketsa msana. Chimenecho n'chofunika kusintha, osati kumanga ndi mphira.

Kutsogolo kapena kumbuyo

Masulani nati ya pansi pa chishalo kuti chizisuntha. Ikani mapedalo mopingasa, limodzi kutsogolo lina kumbuyo. Lendeweretsani chingwe chomangirira kamwala kuchokera patsogolo pa bondo la mwendo wakutsogolo. Kamwalako kagwere pafupi ndi pakati pa pedalo. Mukasuntha chishalo, yezaninso kutalika kwake.

Mahandulo ndi kakhalidwe

Zigongono zikhale zopindika pang'ono kuti zizilandira mabampu a msewu wafumbi, mapewa akhale omasuka. Pa njinga yonyamulira katundu, mahandulo akhale ofanana ndi chishalo kapena okwererapo pang'ono. Khosi likamawawa chifukwa chodzutsa mutu kuti muone kutsogolo, mahandulo ali pansi kapena patali. Nawonso ali ndi mzere wa polekezera. Zogwirira mabuleki zikhale pomwe zala zikufika popanda kupinda dzanja.

Pa mtunda waukulu muli ndi katundu wolemera pa njinga yopanda magiya, tsikani mukankhe. Kukakamiza pedalo pang'onopang'ono ndi mphamvu zonse kumawononga bondo ngakhale chishalo chili pabwino. Ngati njinga ndi ya banja lonse, aliyense alembe chizindikiro chake pa paipi ndi penti, osati kudula ndi sowo.

Nthawi yopita kuchipatala

Pitani kuchipatala ngati dzanzi la kumaliseche kapena m'zala silinathe pofika tsiku lotsatira, ngati bondo latupa kapena likukanika kuwongoka, kapena ngati ululu wa msana ukutsikira m'mwendo n'kuufooketsa. Zithupsa za pokhalira zimayamba ndi thukuta ndi kukhuzika, choncho sambani ndi sopo mukaweruka ndipo musinthe kabudula wamkati tsiku lililonse. Chithupsa cha mafinya musachifinye, ndipo odwala matenda a shuga asachedwe nacho kunyumba. Magazi mu mkodzo musawanamizire chishalo. Akhoza kukhala likodzo, makamaka kwa anthu a m'mbali mwa nyanja ndi m'madambo, ndipo pamafunika kuyezetsa mkodzo.