Dokotala akakubwezani ndi panado, si kuumira ayi

"Adokotala, ndalipira minibasi kuchokera ku Bangwe, mundipatse panado basi? Ngakhale kajekeseni?" Mawu amenewa ndimawamva pafupifupi tsiku lililonse, ndipo ndinene mosabisa, anandikwana. Anthu ambiri amaona mankhwala ngati malipiro a mtunda umene ayenda ndi mzere umene aima. Dokotala wolemba mitundu isanu ndiye wodziwa ntchito, wolemba umodzi ndi woumira.

Jekeseni alibe mphamvu yapadera. Timabaya munthu amene akusanza, amene wakomoka, kapena amene matenda ake sangadikire. Ngati mukumeza bwino, piritsi lifika m'magazi momwemo. Nawo makapisozi a amoxicillin amapha mabakiteriya, pomwe chimfine chimabwera ndi mavairasi. Mukamwa makapisozi pa chimfine, chidzatha pa masiku ake omwewo, koma mabakiteriya a m'thupi mwanu atsala atazolowera mankhwalawo.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi nkhani ya malungo. Kwathu kuno thupi likangotentha timati malungo. Tikakuyezani magazi a pachala n'kupeza kuti mulibe, LA, mankhwala a malungo aja, sitikupatsani, ndipo apa ndi pamene mkangano umayambira.

Pali mnyamata wa zaka zisanu ndi zinayi amene sachoka m'maganizo mwanga. Anabwera ndi mayi ake thupi likutentha, mutu ukuwawa. Malungo sanapezeke. Ndinalemba panado, ndinawauza kuti, "Mayi, pakatha masiku awiri osasintha mubwere naye, tidzayeze zina." Anapinda kabuku ka kuchipatala n'kutuluka osatsanzika. Anadzera kumsika, anagula LA ndi makapisozi anayi omangidwa m'kapepala ka pulasitiki, opanda dzina, opanda deti. Thupi linazizirako tsiku limodzi, mtima wao unakhala pansi. Litatenthanso anagula ena.

Anabwerera patatha milungu iwiri, mwana ali kumsana. Mimba inali gwa ngati thabwa, ndikangoikhudza pang'ono ankakuwa. Inali taifodi, itaboola matumbo. Anapita ku opaleshoni usiku womwewo. Anapulumuka, koma anagona m'chipatala mwezi wathunthu, sukulu teremu yonse inapita. Mpaka lero ndimadzifunsa ngati tsiku loyamba lija ndinawafotokozera mokwanira, pakuti panja panali anthu ambiri ndipo ndinayankhula mothamanga. Mayi aja mwana wao ankamukonda. Anangokhulupirira kuti ndawamana.

Makapisozi aja sakanathandiza n'komwe. Kuyambira cha mu 2011, taifodi yambiri ya mu Blantyre muno inasiya kumva amoxicillin, Bactrim ndi chloramphenicol, mankhwala amene kale ankaithetsa mosavuta. N'chifukwa chake katemera wa taifodi amene anayamba kuperekedwa kwa ana m'dziko muno mu 2023 musamuthawe. Akuluakulu mukukumbukira chloroquine wa malungo, woyabwa uja. Boma linamusiya mu 1993 atatha mphamvu, tinalowa Fansidar, nayenso anafooka, mu 2007 tinayamba LA. Mankhwala amatha mphamvu tikamawamwa pomwe sakufunika, ndiponso tikamawadukiza. LA ndi wa masiku atatu, kawiri pa tsiku, ndipo amalowa bwino m'thupi mukadya chakudya chamafuta pang'ono kapena kumwa mkaka. Inu mumamwa tsiku limodzi, mukapezako bwino otsalawo mumaika m'kabati kuti adzamwe mwana. Muyezo wa mwana timawerengera pa sikelo, sitingodula piritsi la bambo pakati.

Tsono awa ogulitsa mankhwala pa thebulo, padzuwa, pambali pa sopo ndi mabatire, ndani anawaphunzitsa? Amakufunsani ndalama zimene muli nazo, osati matenda amene muli nawo. Muli ndi ya makapisozi atatu, akupatsani atatu. Mankhwala otenthedwa ndi dzuwa la Okutobala, ena otha nthawi, ena obedwa m'zipatala zomwe mumadandaula kuti mulibe mankhwala. Famase yovomerezeka imakhala ndi chiphaso cha PMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, ndipo muli ndi ufulu wochifunsa.

Thupi likapitirira kutentha masiku awiri kapena atatu chionanireni ndi dokotala, bwererani, musapite kwa wapathebulo. Mwana akamasanza chilichonse, akakomoka, akalephera kuyamwa kapena mimba ikauma, musadikire kuti kuche. Mutenge kabuku kaja, mutengenso timapepala ta mankhwala onse amene mwamumwetsa, ngakhale a kumsika kapena a zitsamba. Sitikukalipirani. Tikufuna tidziwe chimene chili kale m'thupi mwake tisanalembe china.