Kapilisi koyera kammawa: akaidi a ku Australia ndi mankhwala omwe amamwa osawadziwa

Pa ntchito yanga ya unesi pali funso limodzi lomwe sindilumpha kwa wodwala aliyense: mankhwala mukumwawa dzina lake ndi chani, nanga ndi a chani? Munthu woti wangotuluka kundende nthawi zambiri amayankha kuti "kapilisi koyera kammawa ndi tiwiri tausiku", basi. Yankho limeneli limandidetsa nkhawa kwambiri, ndipo vuto si nzeru za munthuyo ayi, vuto ndi mmene mankhwala amaperekedwera mkatimo.

Mundende za ku Australia alipo akaidi omwe amaloledwa kusunga mankhwala awo, koma ambiri makamaka omwe ali pa mankhwala amphamvu amafola pamzere nthawi ikakwana, nesi ali kuseri kwa windo, amapereka mapilisi mkakapu, munthu amameza pompo ndipo nthawi zina woyang'anira ndende amamuuza ayasamule kuti aone ngati wamezadi poti mankhwala ena amagulitsidwa m'maselo. Paketi sayiona, dzina saliwerenga, kumbuyo kwake anthu akudikira, ndiye ndani angayambe kufunsa za matenda ake amaganizo anzake onse akumva?

Izi zimagwera mkaidi aliyense, mzungu kaya wochokera kwina. Koma kwa eni nthaka, a Aboriginal ndi a Torres Strait Islander, mtolo ndi wolemera kuposa. Anthuwa sakwana 4 pa anthu 100 aliwonse mdzikomo koma pa akaidi akuluakulu atatu aliwonse pafupifupi mmodzi ndi wa iwowa, ndipo ambiri amalowa ali kale ndi shuga, vuto la impso kapena la mtima akadali achichepere. Ena ali ndi rheumatic heart disease, matenda owononga mavalavu a mtima omwe amafuna jekeseni ya penicillin pakatha masabata atatu kapena anayi aliwonse kwa zaka zambiri, ukadumphadumpha matenda amabwerera n'kuwonjezera kuwononga mtimawo.

Pomwe ndikufuna tiime pang'ono ndi pa mawu akuti "yes". Kumadera akutali ngati ku Northern Territory munthu chizungu chimatha kukhala chilankhulo chake chachitatu kapena chachinayi, komanso ambiri samva bwino chifukwa anadwala makutu otuluka mafinya ali ana. Ndiye wovala yunifomu akafunsa kuti mwamva, munthu amangoti yes, mwaulemu, kapena kuti nkhani ithe msanga poti mbiri yawo ndi aboma ndi yowawa. Nesi amalemba kuti wodwala wamvetsa pomwe sanamve chilichonse. Ine ndinasiya kufunsa kuti mwamva? Ndimati tandiuzeni mmene muzikamwera, munthu afotokoze yekha ndi mawu ake, apo ndi pomwe umadziwa ngati uthenga wafika.

Wina atha kunena kuti nanga vuto lili pati poti akumwa bwinobwino pa nthawi yake? Vuto lili pageti, tsiku lotuluka. Mkaidi ku Australia sagwiritsa ntchito Medicare, ndondomeko yaboma yolipirira anthu chithandizo cha kuchipatala, chifukwa cha gawo 19(2) la lamulo la Health Insurance Act ya 1973, komanso mankhwala ambiri a pa PBS, ndondomeko yaboma yotsitsa mitengo ya mankhwala, samukhudza, chisamaliro chake chili mmanja mwa boma la chigawo (state kapena territory) chomwe ndendeyo ili. Mapeto ake faelo yamkati ndi ya dokotala wakunja sizilumikizana bwino, munthu amatuluka ndi mapilisi a masiku ochepa, alibe pogona, alibe foni, akafika ku kiliniki akamufunsa dzina la mankhwala amangoti koyera kaja. Mapilisi oyera alipo mazanamazana. Metformin, mankhwala a shuga, akasiya shuga amakwera mwakachetechete, mankhwala a khunyu ukasiya mwadzidzidzi ukhoza kugwa koopsa, a matenda amaganizo nawo ukadula kamodzi thupi limasokonekera ndipo matenda amabwerera pa nthawi yomwe munthu ali kale pampanipani.

Choopsa kwambiri ndi heroin ndi anzake. Munthu akakhala miyezi osagwiritsa ntchito thupi limaiwala, mlingo womwe ankaupirira kale tsopano umamuletsa kupuma, n'chifukwa chake masabata oyambirira atangotuluka ndi omwe imfa zimachuluka. Naloxone, mankhwala odzutsa munthu wotere, akupezeka ulere popanda kalata ya dokotala ku Australia kuyambira July 2022, koma amathandiza pokhapokha ngati munthuyo ndi abale ake akuwadziwa komanso ali nawo pafupi.

Nkhanizi si zatsopano. Komiti yaikulu yaboma ya Royal Commission yofufuza imfa za a Aboriginal mmanja mwa apolisi ndi ndende inaunika imfa 99 n'kupereka malangizo 339 mu 1991, ndipo ena mwa malangizowo anali oti mabungwe azaumoyo a eni nthaka azitenga nawo mbali posamalira akaidi. Ku Canberra bungwe la Winnunga Nimmityjah, loyendetsedwa ndi a Aboriginal eni ake, linayamba kugwira ntchito mkati mwa ndende ya Alexander Maconochie Centre mu 2019. Kwa ine njira yake ndi imeneyi, chifukwa yemwe amakuona mkati ndi bungwe lomwelo lomwe ukalipeze kunja, faelo yako sisochera, komanso munthu amamasuka kufunsa kwa anthu akwawo.

Ngati muli ndi m'bale yemwe watsala pang'ono kutuluka, muuzeni apemphe pepala lolembedwa dzina la mankhwala aliwonse, ntchito yake, mlingo wake, ndi tsiku lomwe anabayidwa jekeseni yomaliza ngati ali pa jekeseni. Mukakumana lijambuleni pafoni pepalalo, ndipo tsiku lokaonana ndi dokotala likhale mapilisi omwe watuluka nawo asanathe.