Menyu ya BBS: zimene munthu akuona ndi zimene waloledwa

Intaneti isanafale, makompyuta ankaimbirana foni. Munthu ankalumikiza modemu, kachipangizo kothandiza kompyuta kuimba foni, ku waya wa telefoni n'kuimbira kompyuta ya mnzake imene inkagona yoyaka, ndipo pa sikirini pankatuluka zoti asankhe: kuwerenga mauthenga, kutenga mafayilo, kucheza. Imeneyo ndiyo BBS. Yoyamba anaitsegula Ward Christensen ndi Randy Suess ku Chicago mu February 1978, ndipo mpaka lero zilipo, kungoti timalowamo kudzera pa telnet kapena SSH, njira zolowera mu kompyuta ina pa intaneti. Woiyendetsa amatchedwa sysop, ndipo ntchito imene imamudyera nthawi kwambiri ndi menyu, mndandanda wa zoti munthu asankhe zija.

Aliyense wolembetsa amapatsidwa nambala ya mlingo wake, yosonyeza zimene waloledwa kuchita. Mu Synchronet, imodzi mwa mapulogalamu oyendetsera BBS, nambalazi zimayambira 0 kulekezera 99, pomwe mu mapulogalamu ena, PCBoard ndi Mystic, zimafika 255. Mlendo amene wangofika mungamuike pa 10, mukamudziwa bwino n'kumukweza pa 20, inu eni ake n'kukhala pamwamba penipeni.

PCBoard inkaonetsa aliyense menyu yomuyenera mwanzeru, pogwiritsa ntchito dzina la fayilo basi. Menyu yaikulu inali fayilo yotchedwa BRDM. Mukawonjezera G, kukhala BRDMG, imeneyo inali ya anthu amene kompyuta zawo zimaonetsa ANSI, zilembo ndi zojambula za makala osiyanasiyana. Mukaika nambala pa dzinalo, ankaiona a mlingo umenewo okha. Chinenero chinkadziwika ndi zilembo zitatu za kumapeto, monga FRE ya Chifalansa. Pulogalamuyo inkayamba kufunafuna fayilo yomuyenera ndendende munthuyo, ikaisowa n'kubwerera ku BRDM wamba.

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, ndipo ine ndinapunthwapo. Fayilo imeneyi ndi chithunzi chabe. Kuchotsa mzere pa chithunzi sikutseka khomo. Nthawi ina ndinakonza menyu ya alendo, n'kufufutapo mzere wolowera ku mafayilo a mamembala, mtima uli m'malo. Sabata isanathe mnyamata wina, amene anazolowera BBS zina za pulogalamu yomweyo, anangodina chilembo chimene ankachidziwa, n'kulowa. Panalibe chimene anathyola. Ine ndi amene ndinaika nsalu pamalo pofunika loko.

Choncho lamulo lililonse, kutanthauza chimene munthu amasankha podina chilembo, liyenera kukhala ndi malire akeake mkati mwa pulogalamu. Mu Mystic mumalemba s20 pa lamulolo, kutanthauza mlingo 20 kupita m'mwamba. Mu Synchronet mumalemba LEVEL 20. Mukatero, kenako jambulani chithunzi chogwirizana ndi malirewo. Ndipo musayese ntchito yanu ndi akaunti ya sysop, chifukwa kwa iyeyo makomo onse ndi otsegula. Pangani akaunti yoyesera pa mlingo uliwonse, mulowe ngati mlendo, mudine zilembo zonse, ngakhale zimene sizikuoneka.

Nkhani ya zinenero ili ndi minga yakeyake. Kumasulira menyu yokha sikokwanira, pakuti mafunso ang'onoang'ono, monga ofunsa dzina kapena ngati mukufunadi kutuluka, amakhala m'fayilo ina; mu PCBoard inali PCBTEXT. Mukaiiwala, munthu amalandiridwa m'chinenero chake koma n'kufunsidwa m'Chingerezi.

Ndiye pali zilembo zodina. M'Chingerezi G amaimira Goodbye, lamulo lotulukira. Pa Chichewa mungafune T wa Tsalani bwino, koma T yemweyo akufunidwanso ndi Tumizani uthenga ndi Tengani fayilo. Ine ndimasiya zilembo zikhale zofanana m'zinenero zonse, n'kumasulira mawu okha. Sizikongola kwenikweni, koma munthu akasokonezeka mumangomuuza kuti adine G, osayamba mwafunsa kuti akuona menyu iti.

Malo nawonso ndi ochepa. Mzere umodzi umalowa zilembo 80, ndipo Read wa zilembo zinayi amasanduka Werengani wa zisanu ndi zinayi. Bokosi limene linakwana bwino limaphulika, mizere n'kupindika. Ndi bwino kulijambulanso kusiyana n'kudula mawu mpaka osamveka.

Chomaliza chimatikhudza ifeyo mwachindunji. BBS zambiri zimagwiritsa ntchito zilembo za CP437, za makompyuta a IBM akale, ndipo m'menemo mulibe ŵ. Ngati pulogalamu yanu ndi ya wolowayo zonse zikudziwa UTF-8, kalembedwe kamakono kamene kali ndi ŵ, lembani Malaŵi ndi kadenga kake. Apo ayi, lembani w wamba, chifukwa pa sikirini ya mnzanuyo pangotuluka tizizindikiro tiwiri tosawerengeka pakati pa dzinalo.